Mafuwa a Mayi Abwerera

Bambo a Rehema,

Pepani, mundipeza kulibe. Ndapita ku Chisi kukatenga achemwali anu, tibwera pa boti la madzulo.

Mafuwa atatu a malemu mayi anu aja, amene munakataya kudambo dzulo kuti amisiri athire simenti m'khitchini, ndawapeza m'mawa uno ali pamalo pake. Simenti yauma bwinobwino mowazungulira, popanda ngakhale phazi la munthu, chitseko chili chokhoma ndi loko wanu uja. Nditatsekula n'kugwira limodzi, linali lofunda.

Ndinalimba mtima n'kuphikira matemba panja, pambaula. Mchere unatha dzana, ndiye sindinathire. Ndinangopita kumjigo kukatunga madzi. Pobwerako ndalawa, ndiwo zawawa mchere, ndendende mmene ankathirira mayi anu, muja ndinkadandaulira zaka zonsezi.

Amisiri akabwera muwabweze. Mafuwawo musawakhudze, makani anu aja lero ayi. Ndinakuuzani kuti tiyambe tachita sadaka yokumbukira malemuwo tisanaphwasule khitchini yawo, inu munati ndi zachikale.

Ndiwozo ndavundikira mumphika. Ngati mwalimba mtima idyani, ndi dzanja la mayi anu. Koma mbale zadzulo ndazisiya zosatsuka. Mukazipeza zoyera, dziwani kuti si ine.

Amake Rehema