Mipando ya alamu yakana kulowa

Amake mwana,

Mukalowa pabalaza musakuwe, sikunabwere akuba. Mipando iwiri mukuionayo ndi ya m'galimoto yathu.

Achimwene anu anabwera m'mawa ndi mipando yachikopa ya m'galimoto yawo yakufa ija. Nditawakumbutsa kuti yawoyo ndi ya mtundu wina, anati, "Alamu, mpando ndi mpando, ingomasulani yanuyo." Ine n'kumasuladi. Koma mabowo ake sakugwirizana ndi athu. Titautembenuza mpando umodzi unakhala bwinobwino, kungoti woyendetsa akuyang'ana kumbuyo. Ndimati ndibwezeretse yakale, nayonso ikukana! Kaya yatupa, kaya ndasokoneza wakumanja ndi wakumanzere, mutu wanga waima. Achimwene anuwo anati akukatenga sipanala, mpaka pano foni yawo sikupezeka.

Ndathamangira kwa amakaniko. Chonde ana asaseweretse mabawuti ali m'mbale yanu ya alendo ija. Pepani, ndi yomwe inali pafupi.

Amayi anu akafika kudepoti ndisanabwere, aimbireni kuti adikire pang'ono, asayende pansi ndi mwendo wawo uja. Kukawatenga ndikawatenga ndithu. Koma muwafunse mwaulemu ngati angathe kukhala pa ndowa.

Ndine,
Abambo ake mwana