Sitima ya bambo a mayi Annette

Lolemba, 6 Novembala 2017

Wakefield, kuno ku England, mvula. Basi yachedwanso. Kunyumba ya okalamba amata maluwa ofiira apepala paliponse, okumbukira asilikali awo. Ndalowa kwa mayi Annette, a ku Jeremani aja ndimawasamala. Pazenera chithunzi cha bambo awo palibe. Akuti mwana wawo Thomas wachitenga dzulo, ati yunifolomu ya Ajeremani sabata ino ikhumudwitsa anthu. Anthu ake ati? M'chipindamo timalowamo ine ndi nesi basi. Phala akana.

Lachiwiri, 7 Novembala

Andiuza zonse ndikuwapesa tsitsi. Bambo awo ankakonza injini m'sitima yankhondo yoyenda pansi pa nyanja, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ulendo woyamba anabwerako. Wachiwiri anabwera ndi chokoleti. Wachitatu, mu 1943, wailesi yawo inangoti zii kumpoto kwa Scotland. Kaya bomba la m'madzi, kaya ndege, kaya injini yomweyo, mpaka lero palibe akudziwa. Manda palibe. Mayi Annette n'kuti ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Munthu anangotsala pachithunzi chokha, wina n'kudzachipinda m'thumba ngati lisiti la kushopu!

Lachinayi, 9 Novembala

Ndamuimbira Thomas za chithunzi chija. "Inu ntchito yanu ndi kuwasambitsa." Foni thi. Masana manijala wandiitana, ati ndalowerera za banja, kachiwiri ndichotsedwa. Ndati pepani. Ine, pepani! Nanga nditani, viza yanga yagona pa ntchito yomweyi.

Lamlungu, 12 Novembala

Kutchalitchi ku Leeds sindinapite. Ndimati ndiwapezere mayi Annette chithunzi china pa intaneti, ndalemba nambala ya sitimayo imene anandiuza. Chithunzi palibe. Zomwe inachita zilipo. Inamiza sitima zonyamula katundu. Mu imodzi munali anyamata a kumadzulo kwa Africa, othira malasha mu injini. Mayina awo sanalembe n'komwe, angoti "ndi ena". Ajeremani a m'sitima yankhondoyo aliyense walembedwa, ndi tsiku lobadwa lomwe. Anyamatawo analibe amayi? Analibe ana owadikira? Ine kutsala pang'ono kutaya ntchito chifukwa cha munthu ameneyu!

Lachisanu, 17 Novembala

Sabata yonse kumangowasambitsa mayi Annette osawayankhula. Lero andigwira mkono, afunsa chomwe andilakwira. Ndawauza za anyamata aja, osabisa, osafewetsa. Ndimayembekezera kuti akana. Ayi. "Ndinazimva ndili wamkulu kale. Koma amene ndimamudikira ine ndi uja ankandimanga nsapato."

Ndawaveka masokosi, ndatuluka.

Mkwiyo sunathe. Kungoti sindikudziwanso woupatsa, poti onse ali pansi pa nyanja imodzi.

Thomas akubwera mawa. Manijala wandipatsa ofu kuti tisakumane. Ndasinthana shifiti ndi mnzanga Yewo. Thomasyo andipeza pakhomo pomwe, andiuze komwe kuli chithunzi.