Chithunzi cha Ababa pa Benchi

Amayi,

Kodi kumene muliko mukukhala bwanji? Ife kuno tilipo, kungoti kwayamba kuzizira, ndipo m'mawa mapiri akumabisala m'nkhungu mpaka dzuwa litakwera. Papita chaka ndi miyezi ingapo chikuikireni m'manda, koma ndikamatsika kabaza pa Guilleme ndimaonabe ngati ndikupezani pakhonde mutatambalala, lichero lili pamiyendo.

Ndiyambe ndi zabwino. Mkazi wa mlongo wanga Piyo anachira bwinobwino, kunabadwa kamtsikana konenepa, ndipo anakatcha Folomina, dzina lanu. Ababa amachita manyazi kulitchula dzinalo, amangoti "amayi aang'ono". Mtedza wachita bwino m'munda wa kumtunda uja. Chimanga ndicho chinapserera pang'ono mvula itadula, komabe tidya. Mbuzi yanu yamawanga inaswa awiri, wina sanakhalitse. Chiswe chadya miyendo ya nkhokwe, ndipo Piyo akungoti akonza, akonza, monga mumamudziwira.

Geni yanga ya zitenje ikuyenda. Ndikumawolokabe kupita ku Chipata kawiri pamwezi. Koma makasitomala a masiku ano safuna kubwera kumsika, amati uwatumizire zithunzi pa foni asankhire kunyumba. Zanga zinkatuluka zakuda, chitenje chofiira n'kumaoneka ngati chasuluka. Ndiye mnzanga wina wa pa boda anandilowetsa m'gulu la pa foni la anthu okonda kujambula, kuti mwina ndingaphunzireko. Nkhani imene ndakhalira pansi kukulemberani lero inachokera kumeneko.

Inu foni munkangoidziwa yoimbira, choncho ndikufotokozereni. M'gulumo muli aphunzitsi, madalaivala a mathiraki, anamwino ndi ife ageni. Palibe katswiri. Amatitsogolera ndi a Mbewe, aphunzitsi a cha ku Kachebere. Lolemba lililonse amapereka mutu, mwina "madzi", mwina "msewu", mwina "chofiira", ndipo pofika Lachisanu aliyense amatumiza chithunzi chimodzi. Lamulo ndi lakuti upereke ndemanga pa zithunzi za anzako awiri: unene chimene chakusangalatsa, unenenso chimene chikanakonzedwa.

Ine ndinkangolemba kuti "chakongola kwambiri", n'kupita kwa wina, "chakongola kwambiri". Sindinkafuna kukhumudwitsa munthu. Tsiku lina mayi wina anandifunsa pagulu pomwepo kuti, "Chakongola pati, Mayi Banda? Tiuzeni, nafe tione." Anali Mayi Gondwe, namwino wochokera ku Rumphi amene anatumizidwa kudzagwira ntchito kuno ku boma. Nkhope yawo ndinali ndisanaionepo, koma ndinayamba kuwaopa. Chithunzi changa chilichonse ankachipezera chonena. Ndinajambula mjigo, iwo amvekere, "Mwapendeketsa, mjigowu ukugwa." Ndinajambula mayi wogulitsa nthochi, amvekere, "Dzuwa lili kumbuyo kwake, nkhope yada." Cha mathiraki a pa boda anangolemba kuti, "Munkathamangira kuti?"

Limenelo linandilasa, Amayi, chifukwa ndi funso lanu. Ndikamasankha nyemba mothamanga kuti ndikasewere, munkandibweza: "Agi, ukuthamangira kuti? Tabwera uone miyala wasiyayi." Kwa inu ndinkalimva n'kuseka. Kulimva kwa munthu wosamudziwa, anthu onse akuwerenga, ndinapsa mtima. Kawiri konse ndinafuna kutuluka m'gulumo. Chinandigwira ndi chakuti zithunzi za zitenje zinayambadi kutuluka bwino.

Tsopano ndiulule chimene ndikuchita nacho manyazi. Chichokereni inu, kumudzi ndinachepetsa kupitako. Ndinkanamizira geni, koma zoona zake n'zakuti nyumba ija popanda inu inkandilemera. Ndinkangoimba foni, ababa n'kuti ali bwino, ine n'kukhulupirira chifukwa ndi zimene ndinkafuna kumva. Nthawi ina panadutsa miyezi iwiri ndisanapondeko.

Sabata ina mutu unali "kupuma". Ndinaganiza za ababa, ndipo Lachinayi ndinakwera kabaza. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango atakhala pampando wawo wandalema, wailesi ili pachifuwa, akuwodzera. Ulendo uno sindinathamange. Ndinadikira kuti dzuwa lipendeke, ndinagwada kuti foni ilingane ndi nkhope yawo, ndinaonetsetsa kuti mtengo waima chilili. Nditajambula ndinawadzutsa, tinacheza pang'ono, ndinawasiyira shuga ndi sopo, n'kubwerera kusanade. Mumtima ndinkangoti, tione chimene Mayi Gondwe anene.

Lachisanu nditatumiza, anthu anachiyamikira. Mayi Gondwe analemba mawu atatu okha: "Kuwala kuli bwino." Ndisanamalize kusangalala, foni inalira, nambala yachilendo.

"Mayi Banda, ndine Gondwe wa m'gulu lija. Abambo ali pachithunziwa ndi anu?"

"Eya, ndi ababa anga."

"Takulitsani chithunzicho, muyang'ane m'munsi, kumapazi."

Ndinakulitsa. Amayi, mapazi a ababa anali otupa ngati mabanzi, akakolo osaonekanso. Patapata anali atamudula lamba kuti phazi lilowe. Ine ndinagwada patsogolo pa mapazi amenewo nthawi yonse ija, maso ali pa kuwala ndi pa mtengo, osaona kanthu.

"Sindinafune kulemba pagulu," anatero Mayi Gondwe. "Munthu sapimidwa pachithunzi, mwina ndikulakwitsa. Koma akanakhala bambo anga, sindikanadikira Lolemba."

M'mawa mwake ndinalawira. Ababa atandiona anadabwa kuti ndabweranso, ndipo nditawafunsa za mapazi anawakokera pansi pa mpando. Anati ndi kuzizira chabe. Ndinagwada n'kudinikiza chala pamwendo monga anandiuzira Mayi Gondwe, ndipo nditachotsa panatsala kadzenje kosafuna kubwerera. Piyo ndi amene anaulula zina. Anati ababa anasiya kupita ku Misa ponena kuti njinga yawonongeka, chonsecho njingayo ili bwinobwino m'nyumba. Nsapato zawo za kutchalitchi zinali zitasiya kulowa. Akapita kudimba ankapuma katatu panjira. Piyo ndi mkazi wake anali otanganidwa ndi pakati komanso kukolola, ankangoti ndi ukalamba.

Ndinafunsa kuti, "Ababa, bwanji osanena?"

Anatembenuzatembenuza kachitsulo ka wailesi. Kenako anati, "Ine sindinazolowere kunena, Agi. Amayi ako ankangoona okha."

Ndinapita kuseri kwa nyumba ngati ndikukatenga madzi, ndinakalirira kumeneko.

Tinawatengera kuchipatala tsiku lomwelo, akukana njira yonse. Anawapeza ndi bipi yokwera kwambiri, ndipo anati mtima watopa, n'chifukwa chake madzi ankadzadza m'miyendo. Anagonekedwa masiku angapo. Adokotala sanabise kuti tikanachedwa zikanavuta. Mayi Gondwe sagwira ntchito kuchipinda cha abambo, koma anabwera pa nthawi yawo yopuma. Ine m'maganizo ndinkawaona ngati chimayi chachikulu cha nkhope yolusa. Kunabwera munthu wamfupi, wochepa thupi, wolankhula motsitsa, atanyamula malalanje m'jumbo. Anagwada powapatsa moni ababa.

Pano ababa ali bwino ndithu. Akumwa mankhwala m'mawa uliwonse, mapazi aphwa, nsapato zikulowa, ndipo Lamulungu lapitali anapalasa njinga okha kupita ku Misa. Nkhondo yatsala pa mchere. Akuti ndiwo zimene akuwaphikira mlamu zikukoma ngati mankhwala. Inu munkawauza kale kuti, "Bambo a Agi, mcherewo muziulawa kaye musanawonjezere," iwo n'kumaseka. Lero aulamula ndi adokotala. Tinapeza kapepala ka mchere m'thumba la jekete lawo, ndipo anati anasungira mbuzi.

Patapita masabata awiri mutu unali "anthu", ndipo a Mbewe anandipatsa ine kuti ndipereke ndemanga pa chithunzi cha Mayi Gondwe. Anajambula amayi ogulitsa tomato, atawaimira kutsidya la msewu. Chinali chowongoka, chowala bwino, chopanda cholakwa. Chala changa chinayamba chokha kulemba "chakongola". Ndinafufuta. Ndinabwerera m'mbuyo kuyang'ana zithunzi zawo zonse chilowereni m'gulu, ndipo ndinaona chinthu chimodzi. Ndinalemba n'kufufuta kangapo, chifukwa munthu amene wakupulumutsira bambo ako sufuna kumukhumudwitsa. Pomaliza ndinati, "Tomato wofiirayo ndi maambulera zagwirizana bwino. Koma amayiwa sindikuwaona nkhope. Zithunzi zanu zonse mumaimira patali. Mukanawoloka msewu."

Madzulo ake anandiimbira. Anati, "Mwanena zoona, ndipo zandipweteka pang'ono. Kuno ndakhala zaka zitatu, koma ndimangodziwa kuntchito ndi kunyumba. Ana anga ali kwathu ndi agogo awo. Ndikayandikira anthu ndi foni amandiyang'ana ngati ndabwera kudzawalemba, ndiye ndimaima patali."

Ndinawaitanira kumudzi Loweruka lotsatira. Anafika tikuswa mtedza, anapempha chitenje, n'kukhala nafe pamphasa. Ababa anawatcha "apolisi a mapazi", chifukwa asanamalize n'komwe moni maso awo anali atatsika kale pansi. Anaseka mpaka misozi. Tsikulo anajambula mlamu akuyamwitsa Folomina, pafupi zedi, kadzanja ka mwana katagwira mkanda wa amake. Ndi chithunzi chawo choyamba chimene ndinachiyang'ana n'kuiwala kuti ndi chithunzi. Kuyambira pamenepo amabwera akapeza mpata, ndipo amabwerera ndi mtedza ndi mbatata. Mukanawakonda, Amayi. Mukanakangana nawo tsiku loyamba, kenako mukanawakonda.

Pali china chimene ndasungira kumapeto. Mwezi wathawu mutu unali "kwathu". Ndinawajambula ababa atakhala pa benchi la pakhonde lija, lomwe anakhoma okha chaka chimene anafolera nyumba ndi malata. Anavala jekete, anapesa tsitsi. Koma anakhala kumapeto kwenikweni, kumanzere, moti mbali yonse ya kumanja kunangotsala thabwa ndi khoma. Ndinawauza kuti asunthire pakati, anangoti, "Jambula pomwepa." Nditatumiza pagulu, a Mbewe anati munthu wakankhidwira m'mphepete, malo ambiri angokhala opanda kanthu. Mayi Gondwe anagwirizana nawo, anati ndidule mbali ya kumanjayo kuti ababa adzaze chithunzi. Nane ndinaona kuti akunena zoona. Ndinadula, chinakongoladi, ndipo ndinakachitsukitsa ku boma n'kuchiika m'felemu kuti ndikawapatse.

Ababa anachilandira ndi manja awiri. Anachiyandikiza kumaso, anachitalikitsa, kenako anafunsa kuti, "Nanga benchili latha bwanji?"

Ndinawafotokozera za gulu, kuti anzanga anati mbali inayo inalibe kanthu.

"Inalibe kanthu?" Anandibwezera felemuyo pang'onopang'ono. "Anzakowo ndi ophunzira, koma sakudziwa. Uko wadulako ndi kwa amayi ako. Zaka zonsezi ine ndimakhala uku, iwo uko. Ukabweze."

Ine mwana wanu, amene ndinakulira pakhonde limenelo, ndinali nditaiwala. Munkakhala kumanja chifukwa ndi kufupi ndi khomo, kuti mukamva mphika ukutukusira mungodzuka. Thabwa lake mpaka lero ndi losalala kuposa kwina konse.

Ndinakatsukitsa china, chathunthu. Ndinachitumizanso pagulu, n'kulemba mawu a ababa monga anawanenera. Kenako Mayi Gondwe anati, "Ndabweza ndemanga yanga. Musadule." Dalaivala wina amene salankhulalankhula m'gulumo, ali paulendo ku Zambia, analemba kuti akabwerako apita kaye kwawo akajambule amayi ake.

Chithunzicho chili m'chipinda chochezera, pafupi ndi mtanda. Cha inu tili nacho chimodzi chokha, chija cha pa ukwati wa Piyo, chimene munatembenukira kumbali mukukalipira munthu wina za mbale. Foni ndinali nayo zaka zonse zija, ndinkajambula zitenje zokhazokha. Zimandiwawa, koma sindikufuna kukulemetsani nazo. Ababa anachiika chanucho pambali pa chawo, chakumanja.

Ndilekere pano, mawa ndikulawira kukaoda katundu. Musadere nkhawa za ababa. Ndikukulonjezani kuti Loweruka lililonse ndizikhala kumudzi, kaya geni ikuyenda kaya ayi, ndipo sindizidikira kuti anene okha. Folomina akayamba kuyenda tidzabwera naye kumanda kudzasesa, adzadziwe kumene kunachokera dzina lake.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Agnesi