Chikole cha Boti la Adadi

Maramba,
Livingstone.

Okondedwa amalume Aleki,

Muli bwanji kumeneko ku Kitwe? Anti Ada ali bwanji, nanga mwendo wawo uja unasiya kutupa? Kuno tili bwino. Mlongo wanga Mark anadwala malungo koma wachira, wayambanso kung'amba nsapato ndi mpira. Kwayamba kutentha kwambiri, ndipo madzi mu Zambezi atsika mpaka miyala yaonekera.

Mudabwa kulandira kalata yochokera kwa ine. Pafoni ndimangoti inde ndi ayi, mumandiseka nazo. Foniyo ndi ya adadi, ndipo ndikamalankhula amakhala ali pambali panga. Papepala mawu amabwera bwino. Ndapatsira amayi ena a kumsika amene akupita ku Kopala kwanuko kukapikula katundu, anati adzakusiyirani pa shopu.

Chonde muwerenge yonse lisanafike Lamulungu likubwerali, chifukwa tsiku limenelo adadi adzakuimbirani foni kukufunsani za ine.

Mukudziwa kuti chichokereni ku loji kuja ankayendetsa boti, adadi sanapezenso ntchito yokhazikika. Amakonza mainjini a anthu, nthawi zina amaperekeza alendo ku mathithi, koma mtima wawo uli pamadzi. Ngakhale pakudya amakamba za mtsinje, pamene pali mwala wobisika, pamene mvuu zimagona, pamene mcheni umadya nyambo.

Tsopano apeza boti logula. Lili ku Libuyu kwa ba Yeta, lagona pa matayala kuseri kwa nyumba, nkhuku zimaikiramo mazira. Ndinapita nawo kukaliona. Linali loyera kale koma lachita ndere, ndipo pansi pali chigamba chachikulu ngati chitseko cha kabati. Injini yake ba Yeta amaisunga kuchipinda, ataikulunga bulangete. Adadi analigogoda ndi chala mbali zonse, khutu ali pafupi, mmene amayi ankasankhira chivwende. Anati boti likadali lamoyo, lingofuna utoto ndi munthu wolidziwa. Anati azitenga alendo okawedza, ndipo chaka chisanathe ine ndi Mark tidzaiwala kuthamangitsidwa fizi. Amalume, chimwalirireni amayi sindinawaonepo akuseka choncho.

Chovuta ndi ndalama. Ku banki anavala jekete lija la pa ukwati, anabwera masana atalikoleka paphewa. Anawafunsa pepala la malipiro a pamwezi, iwo ntchito alibe. Ku kaofesi kena ka ngongole m'tauni anawauza kuti boti lakale iwo sakongozera, bola ikanakhala minibasi. Amayi a chilimba, gulu la kumsika losonkherana ndalama, anawaseka, anati ndalama zawo ndi za tomato ndi kapenta, boti lingameze gulu lonse. Nyumba ino ndi ya lendi, inunso mukudziwa.

Kenako wina anawalozera kwa ba Mwiinga a ku Malota, amene amapereka kaloba, ija agogo ankaitchula kuti katapira.

Ba Mwiinga sapereka ndalama asanaone chikole ndi maso awo, ndiye anabwera kunyumba. Ndi munthu wofatsa, salankhula mokweza, amavula nsapato pakhomo. Anatsegula filiji yathu, anamvetsera kulira kwake, anaitseka. Anayang'ana tivi, mipando, makina osokera a amayi. Anati zonsezi pamodzi sizikwana ngakhale injini yokha. Adadi anati chikole chikhale boti lomwelo. Pamenepo n'kuti ine nditagwada ndikuwapatsa madzi akumwa. Anandifunsa giredi yanga, ndinayankha ndikuyang'ana pansi. Anamwa madzi onse pang'onopang'ono, kenako anati kwa adadi:

"Mdala, boti imamira. Filiji imafa. Koma mwana wa ulemu monga uyu samira."

Anati ndikakhale kwawo ndizithandiza akazi awo, ba Lonah, mpaka ngongole itatha. Sukulu ndizipitabe, fizi alipira iwo, ndipo chiwongoladzanja achepetsa. Adadi anaimirira, anawatsegulira chitseko, anati mwana wawo si filiji. Ba Mwiinga sanakwiye. Anavala nsapato zawo bwinobwino, anati iwo sathamangira munthu, amene ali ndi vuto ndi amene amadziwa njira ya ku Malota.

Tsiku limenelo ndinawanyadira adadi. Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

Koma ba Yeta anatumiza uthenga kuti pali munthu wa ku Kazungula amene akulifuna boti, ndalama ali nazo m'manja, akungodikira kutha kwa mwezi. Adadi anasiya kukamba za mtsinje. Ankachoka m'mawa osanena kumene akupita, akabwera mathalauza ali ndi nthenga za nkhuku. Tsiku lina anandifunsa ngati sukulu yathu siili pafupi ndi Malota kusiyana ndi kuno. Tsiku lina anati ba Lonah ndi mayi wopemphera. Sabata yatha ndinawapeza atatsitsa sutikesi ya amayi pamwamba pa wadiropu, akukonza zipi yake ndi pulayala. Atandiona anati akungoikonza chabe, zinthu siziyenera kuonongeka.

Loweruka lapitali ananditenga kuti tikapereke moni kwa ba Lonah. Mpanda wake ndi wautali, pamwamba pali mabotolo osweka. Anatilandira bwino, anatipatsa tiyi wa mkaka. Pamene adadi ndi ba Mwiinga ankakambirana, ba Lonah anandizungulitsa nyumba. Kuseri kuli chipinda chachitali chodzaza ndi katundu wa anthu: mafiliji, majenereta, makina osokera, wilibala, ngakhale kanjinga ka mwana. Chilichonse anachimata kapepala ka dzina la mwini wake. Zina fumbi lake ndi la zaka. Pafupi ndi chipindacho pali kachipinda kena kakang'ono, muli matiresi awiri pansi. Anati imodzi idzakhala yanga, inayo ndi ya Namukolo.

Namukolo ndimamudziwa, amalume. Tinali kalasi imodzi, ankatiposa tonse masamu. Amayi ake anatenga kaloba kwa ba Mwiinga kuti agule belo ya zovala za salaula, iye n'kupita kukakhala ku Malota. Temu yoyamba ankabwera kusukulu, koma ankagona pa desiki. Kenako ankabwera mwa apo ndi apo. Kenako dzina lake anasiya kuliitana. Tonse tinkati anasamukira ku Sesheke.

Ndinamupeza pampopi akuchapa mabulangete. Manja ake asanduka ngati a munthu wamkulu. Poyamba anachita ngati sakundidziwa. Ba Lonah atalowa m'nyumba ndinamufunsa kuti ngongole ya amayi ake itha liti. Anati amayi ake anabweza kalekale ndalama imene anatenga, koma chakudya chimene iye amadya, sopo, mafuta odzola, fizi ya temu ija, mbale imene anaswa, zonse zimalowa mu ngongole. Akakhala mwezi wina, ngongole imakulanso. Ndinamufunsa chifukwa chake sathawa. Anati akathawa, amayi ake awalanda tebulo la kumsika, ang'ono ake adya chiyani. Kenako anafinya bulangete osandiyang'ana, n'kunena motsitsa kuti, "Ukabwera, ubwere na jezi. Pansi pamazizira."

Sananene kuti ndisabwere. Analankhula ngati nkhani inatha kale.

Pobwerera mu minibasi ndinafuna kuwauza adadi, koma anali akuwerengera pa zala mmene alendo adzachulukire mvula ikayamba. Anati miyezi ingapo chabe, mwana wanga, boti likangolowa m'madzi ndibwera kudzakutenga. Anandifunsa ngati ndikuvomera. Ine ndinayang'ana panja pawindo. Iwo anandisisita mutu, anati anadziwa kuti ndine mwana womvetsa. Madzulo ake ndinayesa kuwauza za Namukolo, anati amayi ake a Namukolo ndi osasamala pobweza, ife sitili choncho. Koma amalume, chigamba chija ndinachiona. Mtsinje ndi wouma, alendo ndi ochepa, ndipo injini sinalizidwe chiyambire chaka chatha.

Tsopano ndifike pa inu. Ba Mwiinga ndi ochenjera. Anauza adadi kuti iwo Atonga ndi ife a ku Malawi mwambo ndi umodzi, mwana ndi wa kwa amayi ake, mwini wake ndi malume. Anati safuna kuti mawa munthu atulukire ku Kopala kudzachita phokoso pageti pawo. Ndalama sapereka mpaka amve ndi makutu awo inuyo mukuvomera. Ndiye Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi tipita ku Malota, adadi adzakuimbirani, foni adzaiika patebulo kuti onse amve.

Ndawamva akuyeserera zimene adzanene. Adzakuuzani kuti pali banja lopemphera pafupi ndi sukulu limene likufuna kundisunga ndi kundilipirira fizi. Za kaloba sadzatchula. Za boti adzakuuzani tsiku lina.

Ndipo ine ndikudziwa mmene mumayankhira. Pamene ankandisintha sukulu, pamene tinkasamuka ku Libuyu, ngakhale pa nkhani ya mwala wa pamanda a amayi, mawu anu anali amodzimodzi: chabwino alamu, inu ndi amene muli pafupi. Ndikudziwa kuti mumatero chifukwa cha ulemu, simufuna kuoneka ngati mukulamulira nyumba ya mwamuna mnzanu. Adadi akudalira mawu amenewo. Ba Mwiinga akudikira mawu amenewo. Mukangowanena, sindibwereranso ku Maramba tsiku limenelo, chifukwa sutikesi tipita nayo.

Chonde amalume, ulendo uno musanene.

Sindikupempha ndalama, ndikudziwa kuti shopu sikuyenda bwino. Sindikupemphanso kuti muwakalipire adadi pamaso pa anthu aja. Si munthu woipa. Usiwa wawatopetsa, ndipo boti lija likapita ku Kazungula sindikudziwa ngati adzasekanso. Zimenezi zikundipweteka, mwina adzandiyang'ana moyo wonse ngati mwana amene anawamiza. Koma ndaona manja a Namukolo, ndipo ndikufuna kulemba mayeso.

Mungonena kuti nkhani ya mwana wa mlongo wanu siikambidwa pafoni, mubwera nokha kudzaona nyumbayo. Ba Mwiinga safuna alendo ofunsa mafunso, nkhaniyi adzaisiya okha. Ngati adadi adzafunsa amene anakuuzani, auzeni kuti ndine. Ndaganiza bwino, sindibisala.

Chimene chikundiopsa ndi chakuti kalatayi ingachedwe panjira, kapena anyamata a pa shopu angaiike pansi pa kauntala n'kuiwala. Sindidzadziwa ngati yafika mpaka nditamva mawu anu patebulo paja. Ine ndidzakhala nditagwada pambali, sindidzatha kunena kanthu.

Mundiperekere moni kwa anti Ada ndi ana onse. Mark akuti mumugulire mpira, sakudziwa chilichonse, ndipo chonde asadziwe kaye. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu, ndipo akufikitseni kalatayi nthawi ikadalipo.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Chantel