Tamuika Esinati

Lachinayi, sabata yachiwiri ya Febuluwale. Kunali mitambo tsiku lonse, ndipo thupi langa lalemera.

Lero tamuika Esinati, mnzanga amene ndinkasoka naye fodya m'chigafa cha pa esiteti kuno ku Mkanda. Wasiya ana anayi. Kumanda analengeza kuti wapita ndi malungo, azimayi tonse tinangowerama.

Ine ndikudziwa zoona zake. Mwana wake womaliza anabadwa pa opaleshoni, ndipo adokotala anamuchenjeza kuti asadzaimenso. Amuna ake anakana zolera. Atazindikira kuti ali ndi pakati, anapita kuchipatala kukapempha kuti amuchotse mimbayo. Namwino anamuyankha kuti, "Mayi, lamulo limatilola pokhapokha moyo uli pachiswe. Inu mwabwera mukuyenda nokha."

Masabata atatu apitawo anandinong'oneza tili pantchito kuti, "Amake Chisomo, akuti ku Chipata, ku Zambia, lamulo lake ndi lina, amathandiza. Mundiperekeze, ndekha ndikuopa." Ndinamuuza kuti fodya wachuluka, akapitawo sangatilole. Linali bodza. Ndinkaopa kuti akumpingo amva.

Anachita yekha ndi kamtengo ka chinangwa, ndipo anabisa masiku anayi. Pomwe ankamukweza panjinga anali atasiya kale kuyankhula. Kuchipatala sanafike.

Pochoka kumanda amuna ake anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Zikomo mayi, munali mnzake weniweni." Ndinangoti, "Pepani, bambo." Mpaka pano sindikudziwa kuti pa awirife, ine ndi bambowo, ndani amene anamupha…