Anyezi Wodula ndi Sizasi

12 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Kuno ndilipo, mutu uli mbee, tsitsi lonse linapita ndi mankhwala, koma ndikupuma. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinalibe mphamvu yogwira cholembera, ndipo sindinafune kuti alamu anu andilembere. Mukuwadziwa, akanathiramo mchere wawo.

Njere zija munatumiza nditangoyamba diripi ya mankhwala a khansa zinafika, pamodzi ndi uthenga wanu woti anyezi wamasamba ameneyu amapha khansa, ndisiye zakuchipatala zondisanzitsazi. Sindinakumvereni, achemwali, koma musakwiye msanga, werengani kaye.

Uthengawo ndinawaonetsa adokotala pa foni. Ndimayesa aseka, koma ayi. Anati, "Mayi, achemwali anu sananame zonse. Zimene zimapereka fungo m'masamba amenewa ndi za mtundu umodzi ndi za mu adyo. Ofufuza akazithira pa maselo a khansa m'kambale kagalasi, ena amasiya kukula. Koma inu sindinu kambale, ndipo palibe amene waonetsa kuti zingachize munthu. Idyani, muzitsuka bwino, koma pampando wa diripi ndizikupezani."

Alamu anu anangomva zoti "idyani" basi. Munthu woti moyo wake wonse wagwira chiwongolero, khasu sakulidziwa, anasanduka mlimi. Zitini za penti, beseni langa lochapira lija linabooka, ngakhale tayala lakale, zonse anadzaza dothi n'kundandalika pakhonde. Ankathirira m'mawa asanasambe n'komwe, ndipo nkhuku ya aneba ikangoyandikira, mudzi wonse unkadziwa.

Mbewu ikukula, ine ndinkatha. Chilichonse choika m'kamwa chinkamveka ngati ndikunyambita msomali wadzimbiri, ngakhale madzi. Madiresi anga ndinawachepetsa mpaka kusowa popinda. Tsiku lina adokotala atandikweza pa sikelo anapukusa mutu. Anati ndikatsikanso, diripi yotsatira sandipatsa chifukwa thupi silingapirire, ndipo ikadukiza, chotupa cha m'berechi sichidikira munthu. Ndinaopa, achemwali. Ndinafika kunyumba n'kukagona moyang'ana khoma.

M'mawa mwake ndinamva kulalata pakhonde. Alamu anu anali atazula chitini chathunthu, akufunafuna mitu ya anyezi yoti andiphikire. Anapeza timizu tokhatokha.

"Achemwali ako atipusitsa!" anatero. "Miyezi yonseyi, ngakhale kamutu kamodzi?"

Anali atagwira kale chitini chachiwiri pamene aneba athu, aja amaphika ku hotela, anasuzumira pampanda. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Abambo inu, mumaliza munda! Ameneyo saika mitu. Mumadula masamba ndi sizasi, amaphukanso."

Ndiye tamverani zimene anachita munthu wamkuluyu. Analowa m'chipinda changa chosokera n'kutenga sizasi yanga yodulira nsalu, ija sindibwereka ngakhale abusa. Nditamva kuti tsepu tsepu pakhonde, mphamvu sindikudziwa kumene zinachokera. Ndinadzuka, chitenje chili m'manja, n'kukuwa kuti, "Sizasi yangayo muisiye pompo!" Iwo anangoima kukamwa kuli yasa, kenako maso anadzaza misozi. Akuti anali ataiwala kuti ndili ndi mawu aakulu chonchi.

Anakazinga dzira, n'kuwaza timasamba tija pamwamba, monga anawauzira aneba. Ndinaluma pofuna kungowasangalatsa. Achemwali, ndinamva kukoma! Kakuwawa pang'ono ka anyezi kanapyola dzimbiri lonse lija n'kufika pa lilime. Ndinamaliza dziralo, n'kupempha lina. Kuyambira pamenepo amawaza paliponse, pa mpunga, pa mbatata, mu supu. Tsiku lina ndinawagwira dzanja akufuna kuwaza mu tiyi.

Nditabwerera pa sikelo, muvi unali utakwera pang'ono. Pang'ono pokha, koma adokotala anati, "Khalani pampando." Sindinaganizepo kuti ndingasangalale kuona singano. Diripi zonse zotsala ndinamaliza osadukiza, ndipo sabata yatha anandijambula. Chotupa chachepa moti tsopano angathe kuchichotsa. Opaleshoni ili mwezi wamawa.

Choncho musamauze anthu kuti anyezi wanu wachiza khansa, mungapweteketse wina. Auzeni kuti anadyetsa mng'ono wanu pamene chakudya chinamukana, mankhwala n'kupeza thupi logwiramo ntchito. Zikomo, achemwali. Munali kutali, mulibe china m'manja, munatumiza chimene munali nacho. Ndikuthokoza kuchokera pansi pa mtima.

Ndili ndi pempho limodzi. Amayi mwakhala mukuwauza kuti ndatanganidwa ndi maoda a mayunifolomu, n'chifukwa chake sindibwera kudzawaona. Mwandisenzera bodza limeneli mokwanira. Ndinkaopa kuti adzamva za matenda ndi za maliro tsiku limodzi. Tsopano akhazikeni pansi muwauze zonse, ndipo mubwere nawo opaleshoni isanachitike. Muwachenjeze za mutuwu, asadzadzidzimuke pakhomo. Ndine mayi wa ana akuluakulu, koma pondilowetsa m'chipinda cha opaleshoni ndikufuna amayi anga andigwire dzanja.

Moni kwa ana onse. Alamu anu akuti muwakhululukire, anakunenani pachabe.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
amene akudya tsopano.