Ng'ombe za Mwana wa Themba

Lolemba, 19 Meyi

Lemba monga ndikunenera, Modester, usakometse.

Ine ndine Wilson Nhlane, kwathu kufupi ndi Edingeni. Sukulu ndinalekeza sitandade 2, ndipo tsopano ng'ala yaphimba maso, ndiye wagwira cholembera ndi mwana wanga. Ndikunena m'Chichewa chifukwa ndicho iye anazolowera kulemba.

Ana anga ndi awa. Modester, mphunzitsi wamkulu wa pulayimale kuno ku Mzimba boma, mwini wake nyumba ya magetsi imene ndagonamo. Goodluck, kapitawo wa ocheka matabwa ku Luwawa, anagula thirakitala yakufa naikonza yekha. Wezi, namwino ku Kasungu. Cathy, telala, makina awiri pamsika. Woyamba ndamusiyira dala kumapeto. Themba.

Themba anapita ku Joni ndi kachikwama kamodzi, nayamba kuyendetsa minibasi pamalo ena a Ayuda. Si nyumba yawo yopemphereramo ayi. Ndi holo yaikulu ndi zipinda zophunziriramo. Ana amaphunzirako Chiheberi, okalamba amaphunzira kugwiritsa ntchito foni, amayi amaluka buledi wawo wa Sabata, ndipo Lamlungu masana kumakhala nyimbo, kanema kapena munthu wokamba mbiri. Patapita zaka, Themba ndiye ankakonza ndondomeko ya zonsezo. Mwana wa Nhlane kuuza Ayuda kuti mwezi uno mumva zakuti! Masiku a zikondwerero zawo ankawadziwa pamtima.

Anamwalira mu Novembala, mtima unangoima. Tinamuika kwathu pafupi ndi amayi ake. Wasiya mkazi, Karen, Myuda wophunzitsa ana pamalo omwewo, ndi mwana mmodzi, Louis, wa zaka khumi ndi ziwiri.

Basi lero. Pakhosi pauma.

Lachiwiri, 20 Meyi

Karen waimba. Chitumbuka chake ndi cha moni chabe, zotsalazo Modester amamasulira. Akuti Themba asanamwalire anakonza kuti Lamlungu lina kudzakhale maphunziro a za Angoni a ku Mzimba, ndipo wokamba ndidzakhale ine. Anzake a ntchito safuna kufufuta tsikulo. Lichitika Lamlungu likubwerali, pomukumbukira. Nkhope yanga idzaoneka pakhoma la holo kudzera pa kompyuta ya Modester, wofunsa mafunso adzakhala Louis.

Ndavomera. Ndauza Modester achape jekete yakuda.

Lachitatu, 21 Meyi

Akulu anga a Hector afika ku boma kudzagula mankhwala a nkhupakupa, adutsira kuno. Tinakamba za chiliza cha Themba. Goodluck wagula kale simenti. Ndinati tsiku lovundukula, nsalu adzachotse Louis.

A Hector anaika kapu pansi. "Louis uti?"

"Mwana wa Themba, akulu."

"Themba alibe mwana pamudzi pano. Ng'ombe zinatuluka liti m'khola mwako? Ndani anazilandira? Wabereka ana ophunzira chomene, Wilson, koma mwambo sunapite kusukulu. Mwana wosalowoleredwa ndi wa kwa amayi ake. Akabwera tidzampatsa mpando wabwino pamodzi ndi alendo. Nsalu adzachotsa mwana wanga wamkulu."

Sakunama, ndicho chikundipweteka. Themba atakwatira ndinatuma mawu kwa bambo ake a Karen, a Chester, kuti ng'ombe zakonzeka. Yankho linabwera kudzera mwa Themba yemweyo: zikomo, koma mwana wawo sagulitsa. Ndinati tidzakambanso, nthawi ilipo. Themba naye ankati, "Adada, ndidzawafotokozera pang'onopang'ono." Pang'onopang'ono mpaka bokosi linafika pa lole.

Ngati nsalu achotsa mwana wa a Hector, pamaso pa mudzi wonse ndiye kuti Themba anafa wopanda mwana.

Lachinayi, 22 Meyi

Tayeserera ndi Louis. Sindimuona, ndimangoona kuwala kwa galasi, koma mawu ake akusweka monga ankachitira a Themba pa msinkhu umenewo. Anayamba ndi "Monire, Asekulu," nadziseka yekha. Mafunso analemba ambiri. Ingoma amavina liti. Chishango amapanga ndi chikopa cha ng'ombe yanji. Chifukwa chiyani khola limakhala pakati pa mudzi.

Wandiuzanso za kwawo. Akuti chaka chamawa adzawerenga malemba awo pamaso pa mpingo, akatero ndiye kuti wakula, ndipo Lachiwiri lililonse amaphunzira zimenezo m'chipinda chimene chili pafupi ndi ofesi ya bambo ake. Ofesiyo muli munthu wina tsopano, sadutsako, amazungulira kuseri.

Kenako anati nawonso Ayuda amavundukula mwala wa pamanda, ndipo mwana ndiye amaima patsogolo. "Asekulu, kwa Adada ndidzachotsa nsalu ndine, eti?"

Ndinati tidzaona. Modester anamasulira, sindikudziwa kuti anati chiyani, koma mwanayo anathokoza, nati yewo.

Lachisanu, 23 Meyi

Ndaganiza. Kale mawu anga anapita mobisika, kudzera mwa mwana, opanda mboni. Nkhani ya ng'ombe sayendetsa choncho. Lamlungu a Chester adzakhala m'holo, abale awo ndi akuluakulu awo onse adzakhalamo. Bwalo loposa limenelo ndidzalipeza kuti?

Modester akukana. "Adada, ndapota, amene aja ndi maphunziro, si bwalo. Muimbireni kaye Karen." Koma Karen dzuwa likalowa Lachisanu amazimitsa foni mpaka Loweruka madzulo. Ndiponso mkamwana safunsidwa za ng'ombe zake zomwe.

Ndamuuza kuti ntchito yake ndi kumasulira. Izinso walemba monyinyirika, ndikumva cholembera chikukanda pepala.

Loweruka, 24 Meyi

Kwazizira. Sindinadye. Ndakhala ndikusanja mawu.

Lamlungu, 25 Meyi

Zachitika. Lemba zonse, usadumphe.

Titabwera kutchalitchi ndinavala jekete, a Hector anabweranso kuchokera kumudzi, anakhala pambali panga monga mkulu wa banja. Modester akuti holo inadzaza mpaka ena anaimirira. Anayamba ndi nyimbo imene Themba ankaikonda, ana akuimba m'Chiheberi. Mayi wina wotsogolera mwambo anatchula zimene Themba anayambitsa: kalasi ya okalamba, ulendo wa ana kukaona malo akale, tsiku la zakudya za mitundu ina. Anthu anaomba m'manja nthawi yaitali. Pamenepo mtima wanga unakula, sindibisa.

Louis anafunsa mafunso ake, ndinayankha bwino. Ndinaimbako ndime ya ingoma, ndikugunda phazi pansi mpaka tebulo inagwedezeka. Anaseka, anakondwa.

Atatha ndinati ndili ndi mawu. Ndinavula chipewa, ndinatsika pampando, ndinakhala pansi, Modester anapendeketsa kompyuta. Ndinati: "A Chester, asewere anga, ine Nhlane ndabwera pakhomo panu pamaso pa anthu anu. Mwana wanga anatenga mwana wanu, ine sindinathokoze. Ng'ombe zisanu ndi imodzi zili m'khola. Ndapota, zilandireni, kuti Louis akhale ndi kwawo kwa bambo ake."

Modester anamasulira.

Kenako mayi wotsogolera uja analankhula mosangalala, holo yonse inaomba m'manja, ena mpaka malikhweru. Ndinati alandira! Ndinagwira mwendo wa a Hector. Koma Modester anandinong'oneza: "Adada, akuti zikomo chifukwa chowaonetsa mmene Angoni amaperekera malowolo. Akuti mwasewera bwino chomene."

Ankayesa ndi gawo la maphunziro.

Mwana wina anafunsa ngati ng'ombezo zili ndi mayina. Bambo wina anafunsa ngati masiku ano timalandira mbuzi m'malo mwake. Ndinayankha ndili pansi pomwepo. A Chester sanalankhule. Karen, akuti, anatuluka m'holo. Louis anatsala yekha kutsogolo ndi pepala lake.

A Hector anandidzutsa. "Mbwenu wavina, mng'ono wanga. Akuombera m'manja. Tiye tikadye."

Lolemba, 26 Meyi

Foni siinalire.

Lachiwiri, 27 Meyi

Siinalirenso. Wezi waimba kuchokera ku Kasungu kuti kanema wa Lamlungu wamufika pafoni, anzake akuti bambo ako ndi katswiri. Ndamuuza asanditumizire moni wa anthu amenewo.

Lachitatu, 28 Meyi

Karen waimba. Sanayambe ndi moni. Modester ankafuna kufewetsa, ndinamuuza anene monga akumvera.

"Adada, holo yonse sinamve, koma ine ndinamva, Louis anamvanso. M'menemo munali makolo a ana amene ndimawaphunzitsa. Munanditchulira mtengo pamaso pawo, mwamuna wanga asanathe chaka m'manda."

Ndinati si mtengo, mama, ndi kuthokoza.

"Louis wandifunsa kuti, ndiye kuti mpaka lero sindine Nhlane? Ndimuyankhe chiyani? Dzulo wakana kupita ku kalasi yake. Dzina la Nhlane limene analemba pachikuto cha buku lake walifufuta."

Kenako anandiuza chimene sindinkadziwa. Kwa Ayuda mwana amatsata mayi. Mayi akakhala Myuda, mwana ndi wawo, palibe ng'ombe, palibe kukambirana. Ndiye taonani. Mwambo wawo ukuti mwana ndi wawo. Mwambo wathu ukutinso mwana ndi wawo. Miyambo iwiri yagwirizana kundilanda mdzukulu, ndipo wondichitira nkhanza palibe.

Ndinati pepani, mama. Anati ayenera kupita kuntchito.

Lachinayi, 29 Meyi

Ndauza Goodluck asiye kaye simenti. Ndikufuna kubwerera kumudzi.

Lachisanu, 30 Meyi

M'mawa, ndikumanga chikwama, foni inalira. A Chester eni ake. Pa zaka zonsezi sitinalankhulanepo awiri. Mawu awo ndi a munthu wokalamba ngati ine, amapuma pakati.

Anati Lamlungu iwo sanaombe m'manja. Anaona munthu wamsinkhu wawo atakhala pansi, anadziwa kuti si sewero, koma anasowa chonena pamaso pa gulu. Anati masiku onsewa akhala akukangana ndi Karen, ndiponso anapita kwa mphunzitsi wawo wa malemba. Kale pamene anakana, ankayesa akuteteza mwana wawo. Themba sanawauze kuti kukana ng'ombe ndi kukaniza mwana bambo wake. "Ankandinyamula pa minibasi zaka zambiri, ankandiuza za mpira, za mvula ya kwanu. Izi sananene."

Ndinati ankachita manyazi. Anati ankatiopa tonse awiri.

Kenako anati: "A Nhlane, ng'ombe ndilandira. Sindikugulitsa Karen, ndipo Karen sanakondwebe, musayembekeze kuti akuimbirani msanga. Louis akhala ndi amayi ake, chaka chamawa adzawerenga malemba athu, zimenezo sizisintha. Koma pamanda a bambo ake asakhale mlendo."

Ndinati yewo, asewere. Ndinabwereza.

Anafunsa kuti iwo amakhala m'nyumba ya m'mwamba, yokwera ndi makwerero, ng'ombe aziika pati? Anaseka, ine ndinasekanso, koyamba sabata ino. Ndinawafotokozera kuti zikangokhala m'khola mwanga a Hector adzati sizinatuluke. Tagwirizana kuti awasungire a Thomson Mvula a kutsidya kwa dambo, amene si abale athu. Aimirenso m'malo mwawo polandira.

Apempha chimodzi. Chiliza chisakhale Loweruka, iwo Sabata sapita kumanda.

Lamlungu, 1 Juni

Tili kumudzi, Modester wandiperekeza. Titaweruka kutchalitchi a Hector anabwera ndi ndodo yawo. Sanakondwe, koma mkulu wa banja ndi iwo, zotulutsa ng'ombe ndi zawo. Anayang'ana m'khola nati, "Zisanu ndi imodzi unanena pamaso pa Ayuda. Zikwana pokhapokha uphatikize nkhunzi za ngolo. Chaka chino ulima ndi chiyani?"

Ndinati tulutsani.

Ndinaima pachipata nditagwira mtengo. Sindinazione, ndinangomva zikudutsa, fungo lake ndi ziboda. Yomaliza inandikhudza ndi nthiti. A Thomson anaomba m'manja katatu m'dzina la a Chester, nati talandira. M'khola mwatsala ng'ombe yokalamba ndi kamwana kake, kakulira mpaka pano.

A Hector anati, "Mbwenu. Mwanayo ndi Nhlane." Anapita osalowa m'nyumba.

Karen sanaimbe. Louis watumiza mawu pafoni ya Modester, kufunsa ngati nsaluyo amaikoka kuchokera kumutu kapena kumiyendo. Ndati kumutu.

Modester, lemba izi ndi zilembo zazikulu, uwatumizirenso Goodluck, Wezi ndi Cathy. Chiliza cha Themba tivundukula Lamlungu, pa 17 Ogasiti, tikaweruka kutchalitchi. Onse abwere ndi ana awo. Nsalu adzachotsa Louis Nhlane.